Ambulera Yachikasu pa Mlatho wa Semarak

Lolemba lina m'mawa, kutatsala masabata atatu kuti ngolo ya ku kachisi wa Ahindu ituluke, a Pak Desa anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Kuala Semarak akupukuta kabokosi kamkuwa ndi bwemba. Kanali kabokosi koikamo masamba otafuna otchedwa sirih, kamene kwathu kuno timapita nako kwa munthu amene tikufuna kumuitana mwaulemu. Pakona ya khondelo panatsamira ambulera yachikasu, yaitali kuposa munthu, yokulungidwa m'nsalu yoyera. Banja lawo ndilo limasunga ambulera imeneyi kuyambira nthawi ya agogo awo, ndipo iwowo anali ataigwirira akalonga kwa zaka makumi anayi osailola kukhudza pansi ngakhale kamodzi.

Chimene chinawadzutsa m'mawa choncho n'chakuti chaka chimenecho tsiku la ngolo linagwa Lachisanu. Ngoloyo imachokera kutsidya, imawoloka mlatho masana ng'oma zili pakalapakala, n'kudutsa pakhomo penipeni pa mzikiti. Ndiye Lachisanu masana mzikiti wathu umadzaza mpaka anthu kuyala mikeka pamsewu. Masiku awiriwa akakumana, mwambo wake ngwakale: phungu wa dera amanyamula kabokosi kaja kupita nako kunyumba yachifumu, Sultani amatuma mng'ono wake, ndipo kalongayo amayenda wapansi patsogolo pa ngolo, ambulera yachikasu ili pamutu pake. Ng'oma zimatonthola, mikeka imapindidwa, ngolo imadutsa, aliyense n'kubwerera ku pemphero lake.

Phungu wathu nthawi imeneyo anali mwana wawo yemwe wa a Pak Desa, Zulhairi. Tinamusankha tokha, ndipo sindinama, mwanayo mutu unalipo. Anakonzetsa ngalande za kumsika zimene aphungu atatu anazilephera, ndipo sankadya za munthu. Matenda ake anali amodzi okha: chinthu chimene iye sankachimvetsa ankati n'chachabechabe.

"Kabokosi ndi aka kawala, Zul," anatero bambo ake atamuona akutsika masitepe, makiyi a galimoto ali m'manja. "Upita liti kunyumba yachifumu?"

"Sindipita, Ayah."

Mkuluyo anasiya kupukuta. "Wati bwanji?"

"Ndati sindipita. Nkhani ya msewu ndi ya komiti ya tawuni. Tikhala pansi, tivota, tilemba. Anthu anavotera ine, sanavotere ambulera."

"Sultani sanakulande mpando wako. Iye sabwera ngati iwe sunamuitane, malamulo a dziko amatero. Ukuopa chiyani?"

"Sindikuopa kanthu. Ndatopa n'kuona anthu akuluakulu akudikira nkhalamba yachifumu yosamva khutu limodzi kuti iwawolotse mlatho ngati ana a sukulu. Inuyo, Ayah, zaka makumi anayi mukupsa ndi dzuwa kuti wina akhale pamthunzi. Sizikukupwetekani?"

"Phewa ndi langa, silinadandaule kwa iwe," anayankha a Pak Desa. "Tandiuza, ng'oma zija zimatonthola chifukwa cha ndani?"

"Chifukwa cha mzikiti, nanga ndani?"

"Ndiye kuti zaka zonsezi unkangoyang'ana, sunkaona."

Zulhairi anaseka, n'kupsompsona dzanja la bambo ake monga mwa nthawi zonse, n'kunyamuka. Mkuluyo anapitiriza kupukuta kabokosi kamene kanali katawala kale.

Komiti inakumana Lachitatu. Anakangana kuyambira m'mawa mpaka tiyi kuzizira m'makapu, ndipo pomaliza anthu asanu ndi mmodzi a chipani cha Zulhairi anakweza manja, asanu a chipani chotsutsa anapinda awo. Chigamulo chake chinali chanzeru ndithu: ng'oma zitonthole ngolo ikafika pamlatho, a mumzikiti asiye theka la msewu. Anachisindikiza n'kuchimata pakhomo la mzikiti ndi pachipata cha kachisi, dzina la phungu lili pansi.

M'mawa mwake Zulhairi analowa m'sitolo ya khofi ya mayi Siew Guat, kuseri kwa mzikiti, mapewa ali m'mwamba. Mayiwa anamuona akukula, ndiye sankamunyengerera.

"Wolemekezeka afika!" anafuula ali kumbuyo kwa ketulo. "Shuga ndithire masipuni angati, kapena tivote kaye?"

Anthu anaseka, koma awiri amene anakhala patebulo la pakona sanaseke. Mmodzi anali a Periasamy, wapampando wa kachisi, winayo a Haji Sulong, wapampando wa mzikiti. Anthu awiriwa ankamwa khofi patebulo limodzi kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo aliyense anayang'ana kwake.

"Khala apa, mwana wa Desa," anatero a Periasamy. "Wandiikira njoka m'thumba, ukudziwa?"

Zulhairi anawayankha ndi dzina laulemu limene Ahindu amaitanira wamkulu: "Bwanji, Ayya? Ndalemba zomwe mumachita kale. Ng'oma mumatontholetsa pamlatho. Ndasintha chiyani?"

"Timatontholetsa chifukwa kalonga akudutsa. Pamaso pa ambulera palibe woimba ng'oma, kaya ndi Mhindu, kaya ndi Mtchaina, kaya ndi iwe. Lero pachipata changa pali pepala lakuti mulungu wathu akhale chete pakhomo la mzikiti. Anyamata anga akuti aziimba mpaka zikopa zing'ambike. Ndiwauze chiyani?"

"Kwanganso n'chimodzimodzi," anatero a Haji Sulong osayang'ana mnzawoyo. "Mikeka timapindira mfumu yathu, ndipo palibe amene amaona manyazi. Pepala lako likuti tipindire ngolo. A chipani chotsutsa aligwira kale, akuyenda nalo khomo ndi khomo. Akuti Lachisanu limenelo abwera ndi anthu a m'midzi yonse kudzadzaza msewu mpaka kumlatho."

"Msewu ndi womwewo, nthawi ndi yomweyo, mapeto ake ndi omwewo!" anatero Zulhairi atayamba kupsa mtima. "Komiti yavota. Kodi mavoti amagwira ntchito pokhapokha akakukomerani?"

"Mavoti ako ndi asanu ndi limodzi, enawo asanu," anatero a Haji. "Asanuwo sanapite kumwamba, ali m'tawuni muno. Nyamula kabokosi, mwanawe, nthawi ikadalipo."

Akanamva pamenepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma munthu akalankhula pagulu kuti sindipita, mwendo umalemera. Zulhairi anaopa kuti akanyamula kabokosi, otsutsa adzamuseka kuti wabwerera kukagwada, ndiye anamwa khofi wake n'kutuluka. Masabata awiri otsatirawo anthu ankamutsina khutu kumsika, kuofesi, ngakhale pamaliro, iye n'kumangoti apolisi alipo. Kunyumba, Lachinayi lomaliza madzulo, bambo ake anathyola masamba a sirih atsopano n'kuwayala bwinobwino m'kabokosi muja.

Lachisanu linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Pofika masana msewu wa pamzikiti sunkaoneka, mikeka inali mbali zonse ziwiri mpaka pakamwa pa mlatho, ndipo ambiri okhalapowo anali nkhope zachilendo zobwera pamalole. Kutsidya ngolo inali itayamba kuyenda, yokongoletsedwa ndi maluwa ndi masamba a nthochi, anthu mazana akuikoka ndi zingwe ziwiri zikuluzikulu. Kumbuyo kwake kunali amayi osenza miphika ya mkaka, ena atagwira ana kumanja. Ng'oma zinkamveka mpaka m'chifuwa.

Zulhairi anaima pakamwa pa mlatho ndi chokuzira mawu. Mkulu wa apolisi anamunong'oneza kuti ali ndi anthu khumi ndi awiri okha, ndipo ena sangafike lisanathe ola. Ngolo itakwera mlatho ng'oma sizinatonthole, zinachita kuwonjeza. Anthu a pamikeka anayamba kuimirira, mzere ndi mzere.

"Abale anga!" anafuula Zulhairi. "Chigamulo cha komiti chikuti..."

"Komiti ya chipani chako!" wina anakuwa kuchokera pamikeka.

"Kawerengere amako pepalalo!" linabwera liwu lina kuchokera pamlatho.

A Periasamy anali patsogolo pa zingwe, manja ali m'mwamba, akuchonderera anyamata awo, koma mawu awo ankamira m'ng'oma. Mbali inayo a Haji Sulong ankakankha anthu pachifuwa kuti akhale pansi, ndipo chipewa chawo chinali chitagwa. Pakati pa magulu awiriwa panatsala malo okwana basi imodzi. Mlatho wathu ndi wopapatiza, zotchingira zake n'zofika m'chiuno, ndipo mtsinje unali wodzaza. Zulhairi anayang'ana amayi ndi ana aja atapanikizana kumbuyo kwa ngolo, n'kuona kuti mwala umodzi wokha ukauluka, anthu athawira m'madzi. Mantha anamugwira kwa nthawi yoyamba.

Apa m'pamene anachita chinthu chimene mpaka lero anthu akachikumbuka amagwedeza mutu. Nyumba ya bambo ake ili pafupi ndi mlatho. Anathamanga, analumpha masitepe, anatsomphola ambulera ija pakhonde, n'kubwerera nayo akuvula nsalu yoyera. Mumtima ankati ngati anthu awa amaopa nsalu yachikasu, ndiye ndi iyi. Anaima pakati pa magulu awiri aja n'kuitambasula pamutu pake.

Ng'oma zinadukadi. Kunagwa bata loti munthu n'kumva madzi akuwomba mizati ya mlatho, ndipo Zulhairi anaganiza kuti wapambana. Sanadziwe kuti anthu angouma kaye thupi ndi zimene akuona. Kwathu kuno ngakhale malaya achikasu sitivala pamaso pa mfumu, ndiye munthu wamba kudziphimba ndi ambulera yachifumu kuli ngati kukhala pampando wa bambo ako iwo ali chiimire.

"Wadzilonga ufumu!" anakuwa munthu wina.

"Woukira! Choka pansi pa ambulera!"

Mbali zonse ziwiri zinabangula pamodzi. Inayamba kuuluka patapata, kenako botolo la madzi, kenako zidutswa za njerwa. Zulhairi anangoti kakasi, ambulera ili m'manja. Ndiye anamva dzanja lolimba likugwira mtengo wake. Anali bambo ake, opanda nsapato, akupuma mwabefu. Anaikoka, anaipinda ndi dzanja limodzi mwaluso la zaka makumi anayi, n'kuima kutsogolo kwa mwana wawo. Chidutswa cha njerwa chimene chinkapita kumutu kwa Zulhairi chinawapeza iwo paphewa lamanja, ndipo phokoso la fupa linamveka.

Mkuluyo anagwada, koma ambulera anaikumbatira ndi dzanja lamanzere kuti isakhudze fumbi. Anthu ataona kuti wagwa ndi Pak Desa, manja oponya aja anayamba kaye atsika. Koma kumbuyo, kumene sankaona, kukankhana kunkapitirira, ndipo ng'oma imodzi inayambanso.

"Ayah! Ayah, ndikunyamuleni!"

"Ndisiye," anatero mkuluyo mano ali gwa. "Nsalu siizimitsa moto, chitsiru iwe. Tenga kabokosi pakhonde, thamangira kwa Siew Guat."

"Kwa Siew Guat kukatani?"

"Thamanga!"

Anathamanga, kabokosi kali pachifuwa, kudutsa kanjira ka kuseri kwa mzikiti. Sitolo inali yotseka theka. Mkati, patebulo la pakona lija, panakhala nkhalamba yaing'ono yovala malaya wamba, kapu ya tiyi ili patsogolo pake yosamwedwa. Anali Tengku Zahrin, mng'ono wa Sultani. Pampando wa pambali panali jumbo, ndipo m'jumbomo munkaoneka nduwira yachifumu.

"Akhala pamenepo kuyambira m'mawa," anatero mayi Siew Guat, nthabwala zitawathera. "Ndawauza kanayi kuti tulukani, anthu aphana. Akuti sanaitanidwe."

Zulhairi anaima pakhomo, thukuta lili kamukamu. "Tengku, munali pano nthawi yonseyi? Mwamva zonsezi muli chikhalire?"

"Ndamva, ngakhale ndi khutu limodzi," inayankha nkhalambayo. "Mukuganiza kuti ndakhala mosangalala? Mkulu wanga anandiuza kuti pita ukakhale pafupi, koma usaponde pamsewu mpaka wosankhidwa ndi anthu atakuitana. Ndikatuluka ndekha lero chifukwa ndaona kuti n'koyenera, mawa adzatuluka wina chifukwa waona kuti n'kokoma, ndipo mavoti anu adzasanduka zoseweretsa. Ndinu phungu. Mukufuna chiyani kwa ine?"

Zulhairi anagwada pasimenti. Anaika kabokosi patebulo, anakatsegula, n'kukweza manja ophatikiza mpaka pamphumi, monga bambo ake anamuphunzitsira ali wamng'ono.

"Ndikukuitanani, Tengku. M'dzina la anthu a Kuala Semarak, tiwolotseni."

Tengku anatenga tsamba limodzi la sirih, chizindikiro chakuti wavomera, n'kuvala nduwira ija. "Desa ali kuti?"

"Avulala, Tengku. Chifukwa cha ine."

"Ndiye agwira ndani ambulera?"

Zulhairi anatsogola kudzera kanjira kaja, n'kukapeza bambo ake atawatsamiritsa pamzati wa magetsi, ambulera ikadali m'khwapa. Mkuluyo sanafune kuipereka kwa wapolisi kapena kwa a Haji. Ataona mwana wake ndi kalonga kumbuyo kwake, anaimasula.

"Manja awiri," ananong'ona. "Ima kumbuyo, kumanzere. Mthunzi wonse ukhale wake, iwe usalowemo ngakhale phewa."

Ambulera inatambasukanso, ulendo uno pamutu pa mwini wake. Tengku anayamba kuyenda pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu wa nyamakazi, kulowera kumlatho. Mnyamata amene ankaimba ng'oma anaimitsa dzanja m'mwamba n'kulitsitsa mwakachetechete. A Periasamy anaphatikiza manja, misozi ikutsika. Kalongayo anafika pangolo, anaweramitsa mutu pang'ono, anatembenuka, n'kuyamba kubwerera, ndipo zingwe zija zinakokedwa kumbuyo kwake popanda ng'oma ngakhale imodzi.

Pakamwa pa mlatho mzere woyamba wa pamikeka unali ukadali chiimire, ena njerwa zikadali m'manja. Tengku sanachepetse liwiro ndipo sanaliwonjeze. Atatsala mapazi atatu, a Haji Sulong anawerama n'kupinda mkeka wawo. Wapambali pawo anapinda wake, winanso wake, mpaka theka la msewu linatseguka kukafika kumsika. Ngakhale alendo a pamalole aja anapinda, pakuti munthu ungakane phungu wa chipani china, koma mfumu ndi yako yomwe. Ngolo inadutsa pakhomo la mzikiti ulaliki usanayambe, ndipo ng'oma zinakayambiranso kumsika monga zimachitira masiku awiriwa akakumana.

Mtunda wonsewo Zulhairi anayenda kumbuyo, padzuwa, mikono ikuwotcha. Sankadziwa kuti ambulerayo ndi yolemera chotero. Atafika kumsika, Tengku anatembenuka n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Mwaona, a Phungu? Ng'oma zatonthola pamlatho, theka la msewu latseguka. Chigamulo chanu chatsatidwa chonse. Ine sindinasinthe ngakhale chilembo chimodzi."

Palibe amene anafa tsiku limenelo, ndipo palibe mwana amene anagwera mumtsinje. Amene analipira ndi a Pak Desa. Fupa linalumikizana, koma dzanja lamanja silinakwerenso kupitirira phewa, ndipo ntchito imene ankanyadira moyo wawo wonse inathera pamlatho paja. Zulhairi ankawaona m'mawa uliwonse akulimbana ndi mabatani a malaya ndi dzanja limodzi, ndipo zinkamupweteka kuposa chipongwe chonse chimene otsutsa anamuchita m'Nyumba ya Malamulo. Anapita yekha kunyumba yachifumu kukapepesa, ndipo anapepesanso kumzikiti ndi kukachisi.

Musaganize kuti anasanduka munthu wina. Mpaka lero akaimirira m'Nyumba ya Malamulo amakumbutsa aliyense kuti mfumu ili ndi malire ake, ndipo akunena zoona. Koma patapita zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku la ngolo litagwanso Lachisanu, ndinamuona ndi maso anga atakhala pakhonde lija kutatsala mwezi wathunthu, bwemba ali m'manja, akupukuta kabokosi kamkuwa. Bambo ake anakhala pambali, dzanja lopuwala lija lili pamwendo.

"Pakona apo sipanawale," anatero mkuluyo.

"Ndaona, Ayah."

"Waona, kapena wangoyang'ana?"

Zulhairi anaweramitsa mutu n'kupukutanso pakonapo. Moto wa tsiku lija anauyatsa yekha, ndipo unakazimira kwa akuluakulu omwewo amene iye ankati alibe ntchito. Pajatu akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.